Ndithandizeni kusankha zida za kompyuta yanga yoyamba ya magemu, sindinagule kalikonse

Kamphepo: Akuluakulu moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano mwakachetechete kwa miyezi ingapo, lero ndati nditulukire poti safunsa anadya phula. Ndasonkha kandalama kwa chaka ndi theka ndipo ndikufuna kumanga ndekha kompyuta ya magemu, yoyamba m'moyo wanga. Mpaka pano ndimasewerera pa laputopu yakale imene ikangotentha imalira ngati ikufuna kuuluka. Zimene ndalemba pakapepala ndi izi: purosesa Ryzen 9 7900X, motherboard ya X670, RAM ya DDR5 imodzi ya 32GB, graphics card RTX 4060 ya 8GB, SSD ya 1TB ya PCIe 5.0, cooler ya madzi ija yokhala ndi timagetsi, ndiye kesi ina yake imene ikubwera kale ndi power supply ya 500W m'kati. Ndalama zikukwanira ndendende, palibe yotsala. Ndidzudzuleni ndisanalakwitse.

Chiphaliwali: Achimwene, mwatenga injini ya lole n'kuimangirira pa matayala a njinga. Pepani koma ndi mmene ndaonera.

Kamphepo: Kkkk ndinapempha ndekha kudzudzulidwa. Matayala a njingawo ndi ati pamenepa?

Mai_Mawaya: Tisanafike kumeneko, tatiuzani kaye zinthu ziwiri. Mumasewera magemu anji, ndipo monita yanu ndi yotani? Ndikuona pamndandanda wanupo palibepo monita. Popanda kudziwa zimenezi aliyense amene akuyankheni akhala akungolosera.

Kamphepo: Mayi, monita ndinagula kale chaka chatha, ya mainchesi 27, 1440p, 165Hz. Ndimailumikiza ku laputopu koma laputopuyo imalephera kuikoka. Magemu ndimakonda Counter-Strike 2 ndi anzanga usiku, Fortnite mwa apo ndi apo, koma chimene ndikuchilakalaka kwambiri ndi Cyberpunk 2077 ndi magemu ena akuluakulu a nkhani aja. Ntchito ina ndi ya sukulu basi, kulemba ndi intaneti.

Mai_Mawaya: Ndiye mwayankha nokha theka la funso. Monita ya 1440p ili ndi madontho 2560 m'litali ndi 1440 m'mwamba, onse pamodzi pafupifupi 3.7 miliyoni. Ya 1080p ili ndi 2 miliyoni ndi pang'ono. Amene amajambula madontho onsewo nthawi iliyonse chithunzi chikasintha ndi graphics card, si purosesa ayi. Inu mukufuna ijambule maulendo opitirira 100 pa sekondi. Tsono taonani kumene mwaika ndalama zanu: purosesa ya makoo 12 (tiantchito 12 ta m'kati mwa purosesa), motherboard yapamwamba, cooler ya madzi, SSD yothamanga kuposa zonse. Zonsezi zikudya, koma amene akusenza katundu weniweniyo mwamupatsa zotsala.

Ine ndikanakhala inu ndikanatsitsa purosesa kufika pa Ryzen 5 7600, motherboard ya B650, ndipo zonse zimene zapulumuka pamenepo ndikanazithira ku graphics card. Pa kompyuta ya magemu sizachilendo kuti khadi lokhalo lidye pafupifupi theka la ndalama zonse.

Kamphepo: Koma 7600 si ya makoo 6 okha? Ndimaona ngati 12 ndiye kuti kawiri kuthamanga kwake.

Gogo_AM4: Ayi mwana wanga, sizimayenda choncho. Magemu ambiri sadziwa kugawa ntchito kwa antchito 12. Pamakhala ntchito imodzi kapena ziwiri zikuluzikulu zimene zimayenera kutha kaye zina zisanayambe, ndiye enawo amangokhala manja lende kudikira. Komanso 7900X imeneyo m'kati mwake muli tizidutswa tiwiri, kalikonse ka makoo 6. Gemu ikamathamanga, nthawi zambiri phindu limene mukupeza silisiyana kwenikweni ndi la kachidutswa kamodzi, komwe ndi 7600 yomweyo. Makoo 12 amasangalatsa munthu wokonza mavidiyo tsiku lonse kapena wolemba mapulogalamu akuluakulu. Chinanso, 7900X analemba kuti ndi ya 170W pamene 7600 ndi ya 65W ndipo imabwera ndi kafani kake m'bokosi. Ndiye cooler ya madzi ijanso yagwa yokha.

Ngati mtima wanu ukufunitsitsa purosesa yapamwamba ya magemu, yang'anani zimene dzina lake limathera ndi X3D, monga 7800X3D. Zimenezo anaziwonjezera cache, kamemory ka m'kati mwa purosesa, yonse imakwana 96MB, moti purosesa sikhalira kuthamangira ku RAM kukatenga zinthu. Magemu ngati Counter-Strike amaikonda kwabasi. Koma musaigule pochotsa ndalama ku khadi.

Kadzidzi99: Ine ndiimire kumbali ya 4060 pang'ono. Ndili nayo chaka chachiwiri tsopano, CS2 imayenda ngati madzi, magetsi imadya 115W basi, sitentha, siphokosera. Anthu pagulu pano mumanyoza 8GB ngati ndi matenda opatsirana.

Chiphaliwali: Pa monita yanji aise?

Kadzidzi99: 1080p.

Chiphaliwali: Basi ndakhala pansi.

Kadzidzi99: Dikirani kaye amwene. DLSS ilipo. Amayatsa DLSS, gemu imajambulidwa pa madontho ochepa n'kukwezedwa, pa 1440p zimaoneka bwino ndithu.

Wa_Fani: DLSS imathandiza, palibe akukana. Koma vuto la 8GB si kuchepa mphamvu kokha. Memory ya pa khadi ndi mmene mumasungidwa zikopa za zinthu zonse mukuziona m'gemu, makoma, nkhope, zovala, udzu. Ikadzadza, khadi limayamba kubwereka RAM ya kompyuta kudzera pa PCIe, ndipo njira imeneyo ndi yopapatiza poyerekeza ndi memory ya pakhadi pomwepo. Zikatero nambala ya FPS (zithunzi pa sekondi) pakona imatha kuoneka yabwinobwino, koma mukatembenuka mwadzidzidzi gemu imagwira kaye pang'ono, kenako n'kupitirira. Nthawi zina siigwira n'komwe, imangokubisirani, khoma limene linali ndi njerwa zooneka bwino limasanduka ngati alimata matope. Ine ndinaziona ndi maso pa khadi langa lakale la 8GB: ndimalowa m'tauni ya m'gemu, chikwangwani cha sitolo chimakhala chosawerengeka kwa masekondi atatu kenako n'kuyera. Komanso ray tracing (kujambula kuwala kuti kuoneke ngati kwenikweni) ndi frame generation (kuwonjezera zithunzi zongopeka pakati pa zenizeni), zomwe anthu amagulira makhadi amenewa, nazonso zimadya memory yomweyo.

Munthu amene akugula lero khadi loti akhale nalo zaka zinayi pa 1440p, ine ndinganene 12GB pansi penipeni, 16GB kuti agone tulo.

Kadzidzi99: Chabwino, pa 1440p ndavomera. Koma musamatinyoze ife a 1080p.

Kamphepo: Ndiye khadi lake liti? Ndikayang'ana mayina mutu ukuzungulira. 5060 Ti, 9060 XT, 9070, 5070, B580...

Wa_Fani: Tiyeni tiwaike pamzere. RTX 5060 Ti ya Nvidia ndi RX 9060 XT ya AMD onse anatuluka mu 2025 ndipo onse ali pawiri, la 8GB ndi la 16GB, dzina limodzimodzi. Chenjerani pamenepo, werengani bokosi, ogulitsa ena amalemba 8GB ndi tizilembo tating'ono. Pamwamba pa amenewo pali RTX 5070 ya 12GB ndi RX 9070 ya 16GB, amenewa ndiye eni ake a 1440p. Arc B580 ya Intel ili ndi 12GB ndipo ndi yotsikirapo, koma imafuna kaswitchi kotchedwa Resizable BAR kakhale koyatsa mu BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard pomwepo, apo ayi imafooka. Mukachotsa 7900X, X670, cooler ya madzi ndi SSD ya Gen 5 (PCIe 5.0) ija, ndikukhulupirira mufika pa 9070 kapena 5070.

Chiphaliwali: 5070 basi, nkhani yatha. Madalaivala a AMD, mapulogalamu oyendetsera khadi aja, ndi mutu wopweteka.

Gogo_AM4: Nyimbo imeneyo mwaiimba zaka khumi achimwene. Munagwiritsapo ntchito khadi la AMD liti komaliza?

Chiphaliwali: Madala, inu dzina lanu lomwe likuonetsa mbali imene muli.

Gogo_AM4: Dzina ndi la soketi, malo okhazikapo purosesa ya AMD pa motherboard, khadi langa ndi la Nvidia kkkk. Ndikungokana bodza basi.

Woyang'anira gulu: Akuluakulu, nkhondo ya ofiira (AMD) ndi obiriwira (Nvidia) ili ndi malo ake, tinaitsegulira kale. Pano tikuthandiza munthu. Nenani zimene khadi lililonse limachita bwino, iye asankhe yekha.

Mai_Mawaya: Zikomo bwana. Mwachidule: Nvidia ili patsogolo pa ray tracing yolemera, ndipo DLSS imapezeka m'magemu ambiri. Cyberpunk imene mwatchulayo ndi imodzi mwa magemu amene amaonetsa bwino zimenezi. AMD pa makhadi a 9000 yayandikira kwambiri, FSR 4, njira yawo yofanana ndi DLSS, ndi yabwino kuposa FSR zakale kutalitali, ndipo pa 9070 mukupeza 16GB pamene pa 5070 mukupeza 12GB. Onse awiri akusangalatsani. Tengani amene mwamupeza motsika tsiku logulalo.

Koma ine chimene chandikhalitsa pansi kulemba si khadi. Ndi power supply ija yobwera m'kati mwa kesi. Imeneyo ndiye ndikukupemphani, musayerekeze.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera. Zaka zingapo zapitazo ndinamangira mchimwene wanga wamng'ono kompyuta, ndalama zinatithera kumapeto, ndiye tinati power supply tigwiritse yomwe inabwera ndi kesi. Pambali analembapo 500W ndi zilembo zikuluzikulu. Poinyamula inali yopepuka ngati chibokosi chopanda kanthu, ndinaziona koma ndinadzitonthoza. Miyezi iwiri inayenda bwino. Tsiku lina akusewera tinangomva kuti phwaa, kafungo ka pulasitiki wopserera, sikirini bii. Inafa, koma sinafe yokha, inatenga motherboard ndi hard drive mmene munali zithunzi zake zonse. Nditaitsegula pambuyo pake ndinapeza malo ena pabolodi lake, pamene panayenera kukhala zida zotetezera, anangodutsitsapo kawaya.

Nambala ya pambali ija siuza zonse. Werengani kachizindikiro kaja muone kuti pa 12V ikupereka zingati, chifukwa purosesa ndi khadi zimamwa pamenepo. Power supply yabwino ya 650W imapereka pafupifupi zonsezo pa 12V. Yachinyengo imaphatikiza manambala a 3.3V ndi 5V kuti ifike 500, pa 12V n'kupezeka ili ndi zochepa kwambiri.

Kamphepo: Eee, mwandiopsa mayi. Ndiye ndikaona yolembedwa 80 Plus Gold ndiye kuti ili bwino?

Mai_Mawaya: Ndi chizindikiro chabwino koma si chikole. 80 Plus imangoyeza kuti magetsi ochokera kukhoma angati akusanduka ntchito ndipo angati akutayika ngati kutentha. Siyeza ngati idzazima yokha bwinobwino zinthu zikavuta. Fufuzani dzina lenileni la modelo imene mukufunayo, muone amene anaitsegula ndi kuiyeza ndi makina, chifukwa kampani imodzi yomweyo imatha kukhala ndi ina yabwino ina yoipa. Yang'ananinso zaka za waranti. Amene akulonjeza zaka 7 kapena 10 amadziwa chimene waikamo.

Kukula kwake tiwerengere limodzi. RX 9070 ndi 220W, RTX 5070 ndi 250W. Ryzen 5 7600 ikalimbikira kwambiri siipitirira 90W. Mafani, SSD, RAM ndi motherboard tingoti 50W. Simukufika ngakhale 400W. Koma makhadi amasiku ano amatha kudumpha mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa kwambiri kupitirira nambala yolembedwa, ndiye pamafunika mpata. 650W yabwino ikukwanirani, 750W ikupatsani malo odzasinthira khadi m'tsogolo. Tengani ya ATX 3.0 kapena 3.1, zimenezo anazipanga poganizira kudumpha kumeneku.

Wa_Fani: Ndiwonjezere pa mawu a mayiwa. Mukatenga 5070, imagwiritsa pulagi yatsopano ija ya mapini 16, 12V-2x6. Ikankheni mpaka imveke kuti yagwira, pasaoneke mpata ngakhale pang'ono, ndipo musapinde chingwe pafupi ndi pulagi. Nkhani ija ya mapulagi osungunuka pa RTX 4090 mu 2022, zambiri zinkakhudzana ndi pulagi yosalowa mokwanira. Pa 250W chiopsezo n'chochepa koma chizolowezi chabwino sichiwononga kanthu.

Ndipo wina aliyense amene akuwerenga: zingwe za power supply zochotseka zija sizisinthanitsidwa. Kumbali ya khadi pulagi ndi imodzimodzi, koma kumbali ya power supply kampani iliyonse imayala mawaya mwa njira yake. Chingwe cha ina chimalowa bwinobwino mwa ina n'kutumiza 12V kumene kumafunika 5V. Mnzanga anaotcha ma SSD awiri nthawi imodzi chifukwa cha ulesi wosafuna kusolola zingwe zakale.

Gogo_AM4: Poti dzina langa latchulidwa kale, ndiloleni ndilalikire pang'ono. Mwana wanga, unaganizapo za AM4? Soketi imeneyi inayamba 2016, ndipo ine bolodi limene ndinagulira Ryzen yoyambirira ndi lomwe ndinadzaikapo 5800X3D patapita zaka zisanu, nditangosintha BIOS. DDR4 ndi mabolodi a B550 zapezeka kwa nthawi yaitali, zogwiritsidwa kale ntchito zili mbwee. Zotsalazo uwonjezere ku khadi.

Chiphaliwali: Madala, munthu akumanga nyumba yatsopano inu mukumulozera kumanda.

Gogo_AM4: Manda ake amene akuthamangitsabe magemu onse? Kkkk.

Mai_Mawaya: Agogo akunena zoona kwa munthu amene ali kale ndi bolodi la AM4 ndi DDR4 m'nyumba. Ameneyo angosintha purosesa basi. Koma woyambira pa zero, ine ndingamutumize ku AM5, soketi yatsopano imene 7600 imalowamo. Inayamba 2022 ndipo AMD inanena kuti ipitiriza nayo mpaka 2027 kapena kupitirira. Ndiye nkhani yomwe agogo akunyadirayo, yosintha purosesa pabolodi lomwelo, iyeyu adzaichita pa AM5. Lero 7600, zaka zitatu zikubwerazi X3D.

Gogo_AM4: Mwandigonjetsa ndi mfundo yanga yomwe. Chabwino.

Kadzidzi99: Palibe amene watchula Intel?

Wa_Fani: Ilipo, Core i5 ngati 12400F kapena 14400F ndi mapurosesa abwino ndipo mabolodi ena a LGA 1700 amalola DDR4. Kungoti soketi imeneyo inathera pa m'badwo wa 14, yatsopano ndi LGA 1851. Komanso amene akugula za m'badwo wa 13 ndi 14 zapamwamba zija, makamaka i7 ndi i9, akumbukire vuto la 2024 la magetsi okwera limene linkafooketsa mapurosesa, Intel inatulutsa microcode, kapulogalamu kokonza vutolo kobwera kudzera mu BIOS, ndi kuwonjezera waranti zaka ziwiri. Asinthe BIOS tsiku loyamba. Kwa mnzathuyu AM5 ndi njira yowongoka.

Kamphepo: Nanga RAM? Palibe wanena kanthu, ndiye kuti pamenepo ndakhoza?

Chiphaliwali: Ayi, timangokupumitsani kaye.

Wa_Fani: 32GB mwakhoza, koma imodzi ayi. Tengani ziwiri za 16GB zogulitsidwa m'paketi imodzi. Purosesa ili ndi njira ziwiri zopitira ku RAM, mukaika imodzi ndiye kuti njira inayo mwaitseka. Pa AM5 imene anthu ambiri amakhazikika nayo ndi DDR5-6000 CL30. Yothamanga kuposa apo kawirikawiri mumangolipira nambala. Pabolodi la mipata inayi muziike mu wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa, buku limati A2 ndi B2. Ndipo musadzati ndiwonjezere zina ziwiri m'tsogolo kuti zikhale zinayi, DDR5 zikakhala zinayi nthawi zambiri imakakamizika kutsika liwiro.

SSD nayo, Gen 5 isiyeni. NVMe ya PCIe 4.0 imafika cha m'ma 7000MB pa sekondi, ndipo polowa m'gemu simudzasiyanitsa ndi Gen 5, mwina ndi wotchi m'manja. Chimene mudzachimve ndi kuchepa kwa malo. Magemu ena masiku ano amapitirira 100GB imodzi. Bola 2TB ya Gen 4 kusiyana ndi 1TB ya Gen 5 imene imafunanso chitsulo chachikulu choiziziritsa.

Kamphepo: Timagetsi tanga nanga? Ndimafuna iziwala usiku.

Mai_Mawaya: Kkkk palibe akukuletsani, ndi ndalama zanu. Gulani kesi imene ikubwera ndi mafani owala kale. Chachikulu kutsogolo kwake kukhale kwa sefa kolowa mpweya, osati galasi lotseka. Ndipo musanalipire yang'anani manambala awiri pa tsamba la kesiyo: kutalika kwa khadi limene lingalowe, ndi msinkhu wa cooler. Makhadi a mafani atatu ambiri amapitirira 300mm. Palibe chowawa ngati kumanga zonse n'kupeza khadi likugunda mafani akutsogolo ndi kachala kamodzi.

Kamphepo: Ndabweranso akuluakulu. Mndandanda watsopano: Ryzen 5 7600, B650 ya micro-ATX yokhala ndi WiFi, 2x16GB DDR5-6000 CL30, RX 9070 16GB, SSD 2TB Gen 4, power supply 750W ATX 3.1 ya waranti zaka 10, kesi ya sefa ya mafani anayi owala, khadi likulowa ndi mpata wa 40mm. Ndawonjezera ka cooler ka nsanja kotsika mtengo poti akuti kafani ka m'bokosi kamaphokosera. Ndalama zake ndi zomwe zija, yatsalako pang'ono. Ndidine?

Chiphaliwali: Tsopano lole ili ndi matayala. Dinani.

Gogo_AM4: Dina mwana wanga. Pomanga, purosesa, RAM ndi SSD uziike bolodi lili panja pamwamba pa katoni yake. Pa AM5 mapini ali pabolodi, osati pa purosesa ngati kale, ndipo ndi opyapyala ngati tsitsi. Usagwetsepo kanthu, usakhudze. Fanizira kachizindikiro ka makona atatu ka pakona, uikhazike pang'onopang'ono, usakankhe. Kachivindikiro kakuda kaja kamadumpha kokha ukatseka chitsulo, ukasunge.

Kamphepo: Thandizeni! Katundu anafika dzulo, ndamanga usiku wonse. Ndadina batani, mafani akuzungulira, timagetsi tikuwala, koma sikirini bii. Pabolodi pali kagetsi kofiira payaka polembedwa DRAM. Ndazimitsa ndi kuyatsa kanayi. Manja akunjenjemera, ndaotcha chani?

Wa_Fani: Mukumadikira nthawi yaitali bwanji musanazimitse?

Kamphepo: Mwina masekondi 20.

Wa_Fani: Ndiye mukuidula pakamwa. Ulendo woyamba AM5 imayamba yaphunzira RAM kaye, imayesa liwiro ndi nthawi zake, ndipo zimatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda. Yatsani, ikani foni pansi, musaikhudze mphindi zisanu. Ikapanda kudzuka, zimitsani, zulani chingwe kukhoma, chotsani RAM n'kuibwezeranso mwamphamvu mpaka mbali zonse ziwiri zilire kuti ke.

Kamphepo: YAYAKA! Mphindi ziwiri ndi theka. Ndinatsala pang'ono kulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha eti.

Kadzidzi99: Takulandirani m'banja kkkk. Tonse tinadutsamo.

Kamphepo: Pepani ndabweranso ndi lina. Windows 11 yalowa, madalaivala ndaika, koma Cyberpunk ikukwawa kuposa pa laputopu ija. FPS 11. Ndipo mafani a khadi sakuzungulira n'komwe. Kodi andigulitsa khadi lakufa?

Mai_Mawaya: Tajambulani kumbuyo kwa kesi titumizireni, pamene mwalowetsa chingwe cha monita.

Kamphepo: Ndatumiza.

Chiphaliwali: Kkkkkkk ndimadziwa ine.

Mai_Mawaya: Musamuseke, inunso munachitapo. Achimwene, chingwecho mwachilowetsa m'bowo la motherboard, kumtunda kuja pafupi ndi ma USB. Ryzen 7600 ili ndi kagrafiki kakang'ono m'kati mwake kongothandizira kuonetsa chithunzi, ndiye gemu yanu ikuthamangira pa kameneko, khadi lanu lalikulu lili phee kuonerera. Tsitsani chingwe m'munsi, m'mabowo opingasa a khadi lenilenilo, mwina akadali ndi tizivindikiro takuda. Gwiritsani DisplayPort ngati chingwe chake chilipo. Za mafani musadandaule, makhadi ambiri amawaimitsa dala akakhala kuti sakutentha.

Mukatero chitaninso ziwiri izi. Lowani mu BIOS muyatse EXPO, apo ayi RAM yanu ya 6000 ikuyenda pa liwiro lake loyambira, cha m'ma 4800. Ikatha idzaphunziranso kaye, musachite mantha ndi sikirini yakuda. Kenako mu Windows pitani ku Advanced display musankhe 165Hz, chifukwa nthawi zambiri imayambira pa 60. Pa 60Hz chithunzi chimasintha pakatha mamilisekondi 16.7, pa 165Hz pakatha 6 okha. Mungoyendetsa mausi muona nokha.

Kamphepo: Mayi, Mulungu akudalitseni. Ndasintha chingwe, ndi dziko lina. Ndaima pamsewu m'gemu mphindi khumi kungoyang'ana magetsi akunyezimira m'madzi a mvula. EXPO ndayatsa, Task Manager ikuonetsa 6000. Koma 165Hz ija... ndangozindikira kuti chaka chonse chija pa laputopu monita inali pa 60.

Kadzidzi99: Chaka chathunthu amwene!

Gogo_AM4: Kutentha kukuti bwanji? Purosesa ikufika pati ukamasewera?

Kamphepo: Khadi lili cha m'ma madigiri 60. Purosesa ikukhala pa 95 osatsika, ngakhale pa menyu. Ndinawerenga kuti Ryzen 7000 anaipanga kuti izitha kufika 95, ndiye ndimati zili bwino.

Gogo_AM4: 95 ndi malire ake, inde, ndipo siipsa, imadzichepetsa yokha liwiro. Koma 7600 ya 65W pansi pa cooler ya nsanja, pa menyu, siyenera kuyandikira kumeneko. Ndikufunse mwaulemu mwana wanga. Pansi pa cooler paja, pachitsulo chonyezimira, panali kapulasitiki kolembedwa kuti chotsani musanamange. Unakachotsa?

Kamphepo: Kapulasitiki kake kati?

Chiphaliwali: Admin, ulusi uno musaufufute chonde, tiziphunzitsira ana.

Kamphepo: Ndamasula. Kalipo, ndi zilembo zofiira zomwe, phala lija lopakidwa pakati pa purosesa ndi cooler lamatirira pamwamba pake bwinobwino. Ndapukuta ndi spirit, ndaika lina kadontho pakati monga mwa buku, ndamanga masikuluwu mosinthanasinthana. Pano ikusewera pa 68. Gulu la CS2 tikuyamba 9 koloko, a Chiphaliwali bwerani ndikubwezereni za matayala a njinga zija.

Chiphaliwali: Tumizani dzina lanu la Steam ku inbox. Mahedifoni muli nawo, kapena nawonso tiyambe ulusi wina?